Nthawi ya Matsanga: Zaka 16 za Nkhondo ya ku Mozambique

Mukakwera basi kuchoka ku Ntcheu kulowera ku Dedza, pali mtunda wautali ndithu pamene msewu weniweniwo ndiwo malire a mayiko awiri. Kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Pa Lizulu mayi wa kachewere amangodutsa tala, basi walowa dziko lina, ndipo palibe womufunsa chiphaso. Amene anayendapo pamsewu umenewu m'zaka za m'ma 1990 sangaiwale mabwinja a sitolo amene anandandalika kumanzereko: zipupa zopanda denga, zobookabooka ndi zipolopolo, mitengo itamera m'kati. Mwana akafunsa chimene chinachitika, akulu ankangoti, "Anali a Matsanga," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma nkhaniyo ndi yaitali, ndipo gwero lake lili kutali.

Makolo athu malire amenewa sankawadziwa. Mbiri ya pakamwa imati Undi atasiyana ndi Kalonga anakamanga likulu lake ku Mano, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete, pamene Lundu ankalamulira chigwa cha Shire mpaka kutsikira ku Zambezi. Angoni a Maseko nawo atatopa ndi maulendo anakhazikika pa Domwe, n'chifukwa chake dera lonselo limatchedwa Angonia. Apwitikizi anafika kalekale. Vasco da Gama anakocheza pagombe mu 1498, ndipo pasanathe zaka 50 amalonda awo anali atamanga kale ku Sena ndi ku Tete. Koma kwa zaka mazana angapo mphamvu zawo zinkangotsata mtsinje, paminda ikuluikulu ya prazo yolonderedwa ndi Achikunda. Mzere umene unadula mitundu pakati unalembedwa mu 1891, Angerezi ndi Apwitikizi atagwirizana zogawana dziko. Mchewa, Mngoni, Msena, Myao ndi Mlomwe anangodzuka tsiku lina n'kumva kuti malume ake ndi munthu wa dziko lina.

Amene anagwera mbali ya Apwitikizi anaona zakuda. Portugal linali dziko losauka, choncho linabwereketsa zigawo zathunthu kwa makampani, monga Companhia de Moçambique ndi Companhia do Niassa, kuti azidyera msonkho ndi thukuta la anthu. Chibalo, chimene ife timachitchula ponena za chilango cha kundende, kumeneko chinali moyo wa chaka ndi chaka. Mwamuna ankagwidwa ndi apolisi achikuda otchedwa sipaio kukadula nzimbe, kukalambula msewu kapena kukayala njanji kwa miyezi 6, malipiro ake a chiphamaso. Kuyambira mu 1938 mabanja anakakamizidwa kulima thonje m'nkhokwe mulibe kanthu. Wolephera ankamenyedwa m'manja ndi palmatória, thabwa lobooleza limene linkatupitsa zikhatho mpaka munthu kukanika kugwira khasu. Nkhanza zotere ndi zimene zinathamangitsa Alomwe miyandamiyanda kudzakhala ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Kuno anapezako thangata, koma anaona kuti bola thangatayo. A ku Barue anayesa kuukira mu 1917, n'kugonjetsedwa. Likulu la dziko nalo linali litasamutsidwira kummwera kwenikweni, ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, pafupi ndi migodi ya ku Joni koma kutali zedi ndi Tete, Zambezia ndi Niassa. Mtunda umenewo muusunge, tidzaupezanso kutsogoloku.

Pa 16 Juni 1960 asilikali a Chipwitikizi anawombera khamu la anthu amene anasonkhana ku Mueda kudzapempha ufulu. Pa 25 Juni 1962 magulu atatu a anthu othawa kwawo anaphatikizana ku Dar es Salaam n'kupanga Frelimo, mtsogoleri wake Eduardo Mondlane. Limodzi mwa maguluwo, UNAMI, linali la anthu a ku Tete amene ankakhala kuno ku Nyasaland. Mfuti yoyamba inalira pa 25 Seputembala 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo nkhondo ya ufulu inatenga zaka 10. A ku Tete anailawa kwambiri. Pofuna kuteteza damu la Cahora Bassa limene ankamanga, Apwitikizi anaunjika anthu m'midzi ya mpanda kuti asamadyetse asilikali a Frelimo, ndipo pa 16 Disembala 1972 anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu. M'kati mwa Frelimo namo munali kale mng'alu. Mondlane ataphedwa ndi bomba la m'phukusi mu Febuluwale 1969, wachiwiri wake Uria Simango, Mndau wa ku Sofala, anachotsedwa m'chipani, utsogoleri n'kupita kwa Samora Machel. Mondlane, Machel ndi Joaquim Chissano onse anali a ku Gaza, ndipo anthu a pakati pa dziko anayamba kunong'onezana kuti chipanichi n'cha akummwera.

Asilikali atalanda boma ku Lisbon pa 25 Epulo 1974, zonse zinathamanga. Pangano la ku Lusaka la pa 7 Seputembala chaka chomwecho linapereka dziko m'manja mwa Frelimo yokha, popanda chisankho, ndipo mbendera inakwera pa 25 Juni 1975. Azungu ochuluka ananyamuka, ena atawononga mathirakitala ndi makina. Anasiya dziko limene anthu 9 mwa 10 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, madokotala otsala osakwana 100. Sitolo za kumidzi, kumene mlimi ankagulitsa chimanga n'kugula mchere, sopo ndi nsalu, zinatsekedwa. Tinene chilungamo, Frelimo inagwira ntchito yooneka m'zaka zoyambazo. Ana a sukulu anachuluka, katemera anafika kumidzi imene inali isanaonepo namwino, ndipo anthu ambiri ankamukonda Samora ndi mtima wonse.

Vuto linali lakuti chipanichi chinabwera ndi mtima woti chikudziwa zonse. Pamsonkhano wake waukulu wa mu Febuluwale 1977 chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo chipani china chilichonse chinali choletsedwa. Mafumu anachotsedwa, ati anali atumiki a atsamunda, m'malo mwawo n'kuikamo alembi a chipani, nthawi zina mnyamata wobwera wosadziwa ngakhale pamene pali manda a mudziwo. Chinamwali, mitala, malowolo, kuombeza ndi nsembe za mizimu zonse zinatchedwa umbuli. Sukulu ndi zipatala za mishoni zinalandidwa. A Mboni za Yehova masauzande anatsekeredwa kumisasa ya Carico m'boma la Milange, panthawi imene anzawo kuno kwathu ankatenthedwa nyumba chifukwa cha khadi la chipani. Koma chimene chinapweteka koposa ndi midzi yatsopano yotchedwa aldeias comunais. Banja linkauzidwa kusiya munda wa makolo, mitengo yake ya mango ndi manda a abale, kukamanga pamzere pamalo amene boma lasankha, munda uli mtunda wa maola. Kwa munthu wa ku Tete zimenezi sizinasiyane ndi midzi ya mpanda ya Apwitikizi ija. Ku Angonia nthaka yachonde imene azungu anasiya, imene anthu ankayembekeza kuti ibwerera kwa eni ake, inapita ku kampani ya boma ya CAIA. Wotsutsa ankatumizidwa kumisasa ya m'nkhalango za Niassa, ati akaphunzire khalidwe. Simango, Joana Simeão ndi Lazaro Nkavandame anakathera kumeneko, osaonekera pabwalo la milandu, mitembo yawo osaperekedwa kwa abale. Mu 1983 boma linabwezeretsa chilango chokwapula pagulu, ndipo chaka chomwecho linasesa m'mizinda anthu masauzande amene linawatcha malova, n'kuwakweza ndege kupita ku Niassa. Chikoti chimene anthu ankati chapita ndi Mpwitikizi chinali chabwerera, wochigwira ali mwana wa m'mudzi momwemo.

Udzu unali utauma chonchi, koma machesi anachokera kunja. Mu Malichi 1976 Machel anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith, ndipo analola asilikali a ZANLA, omenyana ndi boma la Smith, kumanga misasa m'dziko lake. Smith anabwezera ku Nyadzonia mu Ogasiti 1976 ndi ku Chimoio mu Novembala 1977, kumene asilikali ake anapha anthu ochuluka zedi m'misasamo. Mkulu wa akazitape ake, Ken Flower, anaganiza njira yotchipa: kusonkhanitsa anthu a ku Mozambique konko amene anali ndi mangawa ndi Frelimo, kuwapatsa mfuti, n'kuwabweza kwawo. Iye mwini anadzavomera zimenezi m'buku la mbiri ya moyo wake. Mtsogoleri amene anamupeza anali André Matsangaissa, msilikali wakale wa Frelimo amene anatsekeredwa kumsasa wa Sacuze pamlandu wakuba, n'kuthawa. Mu 1977 anabwerera kumsasa womwewo ndi mfuti kukamasula akaidi, ena mwa iwo n'kukhala asilikali ake. Sanakhalitse. Anaphedwa pa 17 Okutobala 1979 ku Gorongosa, ndipo mpando anatenga Afonso Dhlakama, mwana wa mfumu ya Chindau. Dzina la pamapepala linali MNR, kenako Renamo. Boma linkawatcha bandidos armados, mbava za mfuti. Anthu akumudzi anangodula dzina la mtsogoleri woyamba uja n'kumati Matsanga.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, ambiri ankayesa kuti gululi lifa ngati mwana wamasiye. Linatoledwa ndi boma la tsankho la South Africa, limene linasamutsira asilikaliwo kufupi ndi Phalaborwa n'kuyamba kuwaponyera zida pandege, zina kuwatsitsira pagombe usiku. Cholinga cha Pretoria chinali choti Mozambique isiye kusunga ANC, ndiponso kuti mayiko opanda nyanja monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe asathe kudutsitsa katundu pa Beira, Nacala ndi Maputo, azidalira madoko a South Africa basi. N'chifukwa chake njanji, milatho, paipi ya mafuta ya ku Beira ndi nsanamira za magetsi a Cahora Bassa zinkaphulitsidwa kosalekeza. Nkhondo ndi chilala cha 1983 zitamufinya, Machel anakakhala pansi ndi P.W. Botha wa South Africa pamtsinje wa Nkomati pa 16 Malichi 1984, n'kusainirana pangano loti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake. Machel anasunga mbali yake, n'kuchotsa a ANC. Koma asilikali a Zimbabwe ndi a Frelimo atalanda likulu la Renamo la Casa Banana mu Ogasiti 1985, anapezamo mabuku osonyeza mmene akuluakulu a asilikali a South Africa anapitirizira kutumiza zida pangano lili chisainire.

Apa ndi pamene anthu amakanganirana mpaka lero. A Frelimo amati inali nkhondo ya adani akunja basi. A Renamo amati ankamenyera demokalase. Ine ndimaona kuti aliyense amanena theka lomukomera. Popanda Smith ndi Botha, madandaulo a alimi sakanasanduka gulu la asilikali pafupifupi 20,000 olankhulana pa mawailesi amakono. Komanso ndege za South Africa pazokha sizikanafikitsa nkhondo m'zigawo zonse 10 za dzikolo. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Katswiri wa ku France, Christian Geffray, amene anafufuza m'boma la Erati ku Nampula, anapeza mafumu amene ananyamula anthu awo onse kupita nawo kwa Renamo, atalonjezedwa kubwerera kuminda ya makolo ndi kutsira nsembe momasuka. Mmene ankazindikira kuti alowa m'kamwa mwa ng'ona, njira yobwerera inali itatsekeka.

Asilikali a mbali ziwirizi sankakumana kawirikawiri. Bwalo la nkhondoyi linali mudzi. Matsanga ankafika mbandakucha, ndipo oyamba kufunidwa anali mlembi wa chipani, mphunzitsi ndi namwino, poti amenewo ndiwo anali boma limene anthu ankaliona ndi maso. Sukulu ndi chipatala ankazitentha, malata n'kusasula. Otsala ankasenzetsedwa katundu wolandidwa m'nyumba zawo zomwe, ulendo wa masiku kupita kumsasa wa kutchire, ndipo wotopa panjira sankamusiya wamoyo. Zipolopolo ankaziumira. Ambiri anafa ndi nkhwangwa, zikwanje, mipeni ya kumfuti ndi minsi ya pamtondo. Ena ankawadula makutu, milomo kapena mphuno n'kuwamasula dala, kuti akakhale kalata yopita kwa anzawo. M'madera amene Renamo inkalamulira munali lamulo la gandira: kulimira asilikali, kuwasenzera katundu, ndipo kwa amayi ndi atsikana, kugwiriridwa. Amajiba, anthu a m'mudzi momwemo amene anapatsidwa zikwanje kuti azilondera anzawo, ankaopedwa ngati asilikali enieniwo, poti iwo ankadziwa nkhokwe ya aliyense.

Asilikali a boma nawo tisawayeretse. Miyezi inkatha osalandira malipiro kapena chakudya, ndiye ankadya za anthu omwe ankati akuwateteza. Akalanda dera ankasamutsa anthu mokakamiza n'kutentha minda kuti adani asapeze chakudya, ndipo wopezeka kutchire ankayesedwa Matsanga. Munthu wamba anazolowera kugona kuthengo, kunyumba n'kumabwera masana okha. Mchere unasowa, sopo anasowa, ndipo m'madera ena a Zambezia anthu anabwerera kuvala nyanda ndi masaka.

Za ana n'zovuta kuzilemba. Anyamata a zaka 10 kapena 12 ankagwidwa kubusa kapena kusukulu, ndipo ena ankakakamizidwa kupha munthu wa m'mudzi mwawo, ngakhale mbale wawo, kuti asadzaganizenso zothawira kwawo. Pa 18 Julayi 1987 anthu 424 anaphedwa m'tauni ya Homoine ku Inhambane, ena ali pabedi m'chipatala. Opulumuka analoza Renamo, iyo inakana. Chaka chotsatira Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'mayiko asanu, Malawi ali momwemo, anawerengera kuti anthu wamba okwana 100,000 anali ataphedwa ndi Renamo. Lipoti limeneli linatseka pakamwa andale a ku Washington amene ankafuna kuti gululi lizithandizidwa ngati UNITA ya ku Angola.

Nanga ife tinali mbali iti? Funso limeneli silikoma. Kamuzu Banda anali paubwenzi ndi Apwitikizi kuyambira kale, kudzera mwa Jorge Jardim wa ku Beira, ndipo anali ndi kazembe ku Pretoria pamene anzake onse ankanyanyala dzikolo. Kagulu ka Gimo Phiri kamene kankavutitsa dera la Milange kanaphatikana ndi Renamo mu 1982, ndipo a ku Maputo ankanena poyera kuti zigawenga zikudutsa m'Malawi. Boma lathu linkakana. Pa 11 Seputembala 1986 Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire n'kutchera mizinga yoloza kuno. Patangopita masabata ochepa Renamo inasefukira m'Zambezia ndi m'Tete, n'kulanda matauni a m'malire monga Milange ndi Mutarara. Pa 19 Okutobala ndege ya Machel, pochokera ku Mbala ku Zambia, inagwa ku Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo chimene chinaisocheretsa anthu akukanganabe. Chissano atalowa m'malo mwa Machel, mayiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo mu Disembala, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala, kumene ena anasiya moyo. Tinali dziko limene asilikali ake ankamenyana ndi Renamo pamene Apayoniya ankanenedwa kuti akudya nayo mbale imodzi. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, pamene asilikali athu ankawalanda zida, Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique komweko.

Ndale za akuluakulu zinali choncho, koma zimene anachita anthu wamba n'zina. Kuyambira kumapeto kwa 1986 anthu anakhamukira kuno, ena pamabwato pa Shire ndi Ruo, ena wapansi usiku m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ambiri ali ndi sanza zokha, ana otupa mimba kumsana. Pofika 1992 anali oposa 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu osakwana 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mankhokwe, Nyamithuthu, Tengani, Kunyinda, Chifunga, Luwani ndi Muloza anasanduka mizinda ya zisakasa. Koma ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanalowe m'misasa n'komwe. Nyakwawa inkangoloza malo kuseri kwa nyumba, poti wobwerayo anali Phiri, Banda, Mbewe kapena Maseko, wolankhula chinenero chomwecho, mwina mwana wa azakhali. Paja chibale n'fupa, ndipo mzere wa 1891 uja sunaliswe.

Sikuti zonse zinali zokoma. Mapiri anametedwa mpala chifukwa cha nkhuni ndi mitengo yomangira, ndipo kolera inabuka m'misasa kangapo. Mu 1990 mtedza utasowa pachakudya chogawidwa, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, matenda osupula khungu amene amagwira wodya nsima yokhayokha. Eni mudzi ena ankang'ung'udza poona mlendo akulandira ufa, nyemba ndi mafuta iwo akugona ndi njala, ngakhale kuti ufa womwewo wina unkathera pamsika n'kudyetsa onse. Njanji za Beira ndi Nacala zitafa, feteleza ndi katundu wina ankazungulira ku Durban, malole n'kumadutsa msewu wa Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo mtengo wake unkagwera aliyense wolowa m'golosale. Anzathu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke ku Zambia anaphedwa m'midzi yawo ndi magulu odumpha malire. Othawira ku South Africa ankadutsa m'nkhalango ya Kruger, kumene ena anajiwa ndi mikango, ena n'kufera pawaya wamagetsi wa pamalire.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, okoleza moto aja anali atatopa. Soviet Union inali ikugwa, tsankho la ku South Africa linali likutha mphamvu, ndipo Frelimo inasiya chiphunzitso cha Marx mu 1989. Anthu wamba nawo zinawakwana. Ku Zambezia kunabuka Naparama, gulu la alimi a mikondo ndi zikwanje lotsogozedwa ndi Manuel António, amene ankatemera anthu mphini zoti chipolopolo chisalowe. Sekani ngati mufuna, koma Matsanga, amene nawonso ankadalira zithumwa, ankaliyatsa liwiro akangomva kuti akubwera, ndipo madera ambiri anamasuka mpaka mwini wakeyo anaphedwa mu Disembala 1991. Njira ya mtendere inalambulidwa ndi atsogoleri a mipingo. Jaime Gonçalves wa ku Beira, Alexandre dos Santos wa ku Maputo ndi Dinis Sengulane wa Anglican anakakumana ndi Renamo ku Nairobi mu 1989. Zokambirana zimene zinakonzedwa ku Blantyre mu Juni 1990 zinalephereka, koma mwezi wotsatira mbali ziwirizo zinakhala pansi ku Rome, m'nyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Anakokanakokana zaka ziwiri zathunthu anthu akufa. Chinawafulumizitsa ndi chilala cha 1992, chomwe chija cha chimanga chachikasu, poti kumudzi kunalibenso choti msilikali alande. Pa 4 Okutobala 1992 Chissano ndi Dhlakama anasaina.

Owerengera amati anafa ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri a iwo ndi njala komanso matenda amene akanachizika chipatala chikanakhalapo. Okwana 1.7 miliyoni anathawira kunja, ena mamiliyoni atatu kapena anayi anasowa pokhala m'dziko lawo lomwe. Sukulu za pulayimale zoposa theka zinatenthedwa kapena kutsekedwa. Nyama nazo sizinapulumuke. Ku Gorongosa njovu, njati ndi mbidzi zinatsala pang'ono kutheratu, minyanga itagula zida, nyama itadyetsa asilikali. Bungwe la United Nations linalandira zida n'kubweza kumudzi asilikali oposa 90,000, ndipo pachisankho cha Okutobala 1994 Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, Dhlakama 34. Kunyumba ya malamulo Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112. Amene ankati Matsanga ndi mbava chabe zopanda owatsatira anasowa chonena. Sofala, Manica, Tete, Zambezia ndi Nampula zinavotera Renamo, zigawo zakutali ndi Maputo zija.

Mlandu sunazengedwe ndi umodzi womwe. Nyumba ya malamulo inakhululukira onse mu Okutobala 1992, ndipo kunalibe bungwe lofufuza zoona ngati la ku South Africa. Ntchito yotsuka magazi inatsalira asing'anga, mafumu ndi mipingo, omwe aja ankatchedwa umbuli. M'midzi yambiri mnyamata wobwera kunkhondo sankalowa m'nyumba asanasambitsidwe mankhwala, zovala zake za kutchire n'kutenthedwa, ndipo akatero ankauzidwa kuti za kumeneko asadzazitchulenso. Ku Gorongosa kunabuka mizimu ya magamba, ya asilikali ofera kunkhondo, imene inkagwira munthu n'kuulula pagulu zimene mabanja ankabisa. Alendo athu aja ananyamuka mwaunyinji pakati pa 1993 ndi 1995, ambiri osadikira n'komwe malole a UNHCR, ena atasiya ana ndi maukwati kuno. Kwawo anakapeza tchire ndi mabomba okwirira, amene anapitiriza kudula miyendo ya alimi ndi ana mpaka dzikolo linalengezedwa kuti layera mu Seputembala 2015. Mfuti zina zinasinthanitsidwa ndi makasu, njinga ndi makina osokera pantchito imene Bishopu Sengulane anayambitsa mu 1995. Zina zinadumpha malire, ndipo AK-47 imene kuno tinkangoimva mbiri inayamba kulira m'manja mwa akuba.

Kwa zaka 20 Mozambique inkatamandidwa kuti yasunga mtendere. Koma Frelimo sinachokepo pampando chiyambire 1975, malasha a ku Moatize sanasinthe kwenikweni moyo wa kumudzi, ndipo Dhlakama sanatule mfuti zonse. Mu 2012 anabwerera kutchire ku Gorongosa, ndipo mu 2013 magalimoto anayambanso kuwomberedwa pa Muxungue. Pofika 2016 anthu oposa 10,000 a ku Tete anali atathawira pa Kapise ku Mwanza, akunena kuti asilikali a boma akuwatenthera nyumba ndi nkhokwe, ndipo msasa wa Luwani unatsegulidwanso. Dhlakama anamwalira ndi matenda kuphiri komweko pa 3 Meyi 2018. Wolowa m'malo mwake, Ossufo Momade, anasaina pangano lina ndi pulezidenti wa nthawiyo, Filipe Nyusi, mu Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa mu Juni 2023. Apa n'kuti nkhondo ina itabuka kale ku Cabo Delgado kuyambira 2017, chigawo chomwe chija kunalira mfuti yoyamba ya ufulu. Pachisankho cha Okutobala 2024 Renamo inagwa mpaka kukhala yachitatu, achinyamata atatsatira Venâncio Mondlane, ndipo zionetsero zokana zotsatira zake zinaphetsa anthu mazanamazana. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho mabwato anadzazanso pa Shire ndi Ruo. Anthu masauzande anafika ku Nsanje ndi ana kumsana, ndipo boma linakawasonkhanitsa pa Nyamithuthu, malo omwe aja panali msasa wa nthawi ya Matsanga.